Mmene ndinaphunzirira kujambula katundu wathu ndi foni

Ndimagulitsa chiponde cha mtedza wa ku Chipata, ndipo achemwali anga amasoka zikwama ndi zitenje zogula ku Kamwala. Makasitomala athu ambiri amatipeza pa WhatsApp ndi Facebook, asanagwire katundu amayamba aona chithunzi. Ndalama yolipira wojambula tinalibe, ndiye ndinayamba kuphunzira ndi foni yomweyi.

Choyamba chinali kuwala, ndipo mpaka pano ndimati nkhani yonse ili pamenepa. Ndinakokera tebulo pafupi ndi zenera loyang'ana kummwera, chifukwa kuno ku Lusaka miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera limeneli limalowetsa kuwala kofewa. Babu ndimazimitsa. Ukasakaniza kuwala kwa babu ndi kwa panja, chitenje choyera chimatuluka chachikasu mbali ina. Dzuwa likalowa mwamphamvu ndimapachika nsalu yoyera yopyapyala pazenera. Magetsi akazima ntchito siima, nawonso ndi mwayi.

Kuwala kuzichokera cham'mbali, osati kumbuyo kwako. Mbali yamdimayo ndimaimika katoni yomatidwa pepala loyera kuti ibweze kuwala. Kumbuyo kwa katunduyo ndimaika pepala lalikulu la manila, mutu wake ndamata pakhoma, linalo lagona patebulo mopindika bwinobwino osathyoka, kuti pasaoneke mzere.

Za foni nzochepa. Pukuta kagalasi ka kamera. Bwerera m'mbuyo ndi kusankha 2x pa kamera (imakulitsa chithunzi kawiri), chifukwa ukayandikira kwambiri botolo limaoneka lotupa pakati. Dina pa katunduyo osachotsa chala mpaka foni ikhazikike pamenepo, kenako kweza kuwala pang'ono, poti pepala loyera limapusitsa foni n'kulisandutsa lotuwa. Ine ndimatsamiritsa foni pa mulu wa mabuku n'kuika timer ya masekondi 3.

Mabotolo a chiponde ndiwo amavuta. Galasi limaonetsa chilichonse: zenera, makatani, ngakhale nkhope ya wojambula. Ndimalitembenuza pang'onopang'ono mpaka kunyezimira kutachoka pa lebulo n'kupita m'mphepete, ndipo ndimavala malaya akuda. Koma chithunzi chomwe anthu amafunsira mtengo si cha botolo lotseka ayi. Ndi chija cha supuni yodzaza chiponde chikutsetsereka pa buledi.

Zikwama timazipakira nyuzipepala kuti ziime. Chilichonse chimajambulidwa kutsogolo, m'kati, pafupi ndi zipi kuti msoko uoneke, komanso chili paphewa la munthu. Popanda chomalizachi mafunso a "kodi n'chachikulu bwanji?" satha.

Pokonza zithunzi ndimagwiritsa ntchito Snapseed, pulogalamu ya pa foni yomwe ndi yaulere. Ndimawongola chithunzi, kuyeretsa pepala lija, basi. Mitundu sindiwonjezera. Achemwali ankati, "Achimwene, tachiwalitsani chiwoneke bwino," koma munthu akakwera basi kuchokera ku Matero kudzatenga chikwama chofiira n'kupeza chofiirira, sabweranso. Ndiye ndimaika chikwamacho pambali pa foni n'kuyerekeza ndi maso.

Pa Instagram ndimadula chithunzi pa muyeso wa 4:5, ndiye kuti timadontho (pixels) 1080 m'lifupi ndi 1350 m'litali, pa status 9:16. WhatsApp imafinya zithunzi, choncho ndimasankha HD, kapena kutumiza ngati document pamene wina akufuna kusindikiza. Mtengo ndimalemba m'munsi, osati pachithunzi penipeni, chifukwa mtedza ukakwera ndimangosintha mawuwo osajambulanso.