Chilembo D Chinasamuka Osatsanzika

Kompyuta ya amalume inali Pentium III ya RAM ya 128 MB, yoyendera Windows 98. Ankasungamo maakaunti a chigayo, makalata a kumpingo ndi zithunzi za maukwati onse a pamtundu pathu. Disiki yake inali ya 20 GB, ya IDE, zija za chingwe chophwatalala cha mapini 40. Pempho lawo linali lomveka bwino: "Mphwanga, ufufute zonse uyiyambirenso, koma uigawe pawiri. Windows kwake, mafayilo anga kwawo." Nzeru yabwino ndithu, poti Windows ikadzafa umangofomata (kusesa zonse n'kuyambiranso) chigawo chake C:, osakhudza chigawo cha mafayilo D:.

Ndinabwera ndi disiki yanga ya 80 GB, yogula kwa munthu, kuti ndisungemo mafayilo awo kaye. Madisiki awiri akakhala pa chingwe chimodzi cha IDE, ina iyenera kukhala Master ina Slave, ndipo chimene chimagamula mlanduwu ndi kajampa, kapulasitiki kakang'ono kovala mapini awiri kumbuyo kwa disiki. Onse akakhala Master, BIOS, pulogalamu yozindikira zida kompyuta ikamayaka, imatha kuona imodzi yokha kapena kusaona iliyonse. Yangayo ndinaiika pa Slave. Inali ndi chigawo chimodzi chachikulu (primary), chosanja mafayilo mwa njira ya FAT32, chifukwa Windows 98 sawerenga njira ina ija ya NTFS. Ndinakopera zonse, n'kutsegula mafayilo angapo kuti nditsimikize kuti afikadi amoyo. Kenako ndinatseka bokosi, disikiyo ili momwemo, poganiza kuti n'kuvutikiranji ndi masikuluwu pomwe ndidzaifunanso pobweza mafayilo.

Ndinayatsa kompyuta ndi flopi yoyambira ya Windows 98, n'kulemba FDISK, pulogalamu yogawira disiki. Funso loyamba limene imakufunsa pa disiki yoposa 512 MB ndi la large disk support. Ukayankha Y umapeza FAT32. Ukayankha N umabwerera ku FAT16, kumene chigawo sichipitirira 2 GB, ndipo disiki ya 20 GB imasanduka tizidutswa todzaza alifabeti. Ndinadina Y.

Kufufuta kuli ndi ndondomeko yake, ndipo FDISK silola kudumpha mzere. Umayamba ndi ma logical drive, tizigawo ta m'kati mwa chigawo china, kenako chigawo cha extended chimene chimawasunga, n'kumalizira primary. Zonsezi zili pansi pa nambala 3 pa mndandanda wa FDISK. Nditasankha kufufuta logical drive, inandiyankha kuti palibe logical drive iliyonse. Chabwino, ndiye tifufute extended. Inakana, ati singafufute extended muli ma logical drive. Ndinabwerera: mulibe. Ndinapitanso: alimo. Amalume, amene anali atakokera mpando pafupi, anafunsa kuti, "Kodi ikunama kapena yaiwala?"

Sinkanama. Munthu wina anayesapo kuikamo Windows 2000 n'kusiya logical drive ya NTFS m'kati mwa extended. FDISK ya Windows 98 imadziwa kuti muli kanthu, koma siyikazindikira, choncho siyikaonetsa pa mndandanda wa zofufuta. NTFS ikakhala primary imachoka pansi pa Non-DOS partition, koma ikabisala mu extended mumazungulira mpaka dzuwa kulowa. Mankhwala ake ndi CD ya Windows XP: umayatsira pa CD, umafika pamene ikuonetsa zigawo, umasankha chovutacho, D, kenako L, n'kutuluka ndi F3 osaika chilichonse. Zinatheka, ndipo ndinabwerera ku FDISK ndikudzimva kuti ndine injiniya.

Disiki ya 20 GB imaoneka ngati ya 19,000 MB ndi kanthu pang'ono, chifukwa opanga madisiki amawerenga megabyte ngati mabaiti 1,000,000 pomwe kompyuta imawerenga 1,048,576. Palibe amene wakuberani. Ndinasankha 1 kenako 1 kuti ndipange primary, ndinakana kuti itenge malo onse, n'kulemba 8000. Kenako 1 ndi 2 kupanga extended pa malo otsala, pafupifupi 11,000 MB, ndi logical drive imodzi yodzaza m'menemo. Nambala 2 ndi yoika chigawo choyambacho kukhala active, ndipo mukaiwala zimenezi kompyuta siyambira pa disikiyo ngakhale Windows ilowe bwinobwino. Penapake FDISK inalemba kuti "drive letters changed or added". Ndinadina Esc mwachangu, monga timachitira tonse ndi mawu a m'munsi mwa sikirini.

Ukatha FDISK uyenera kuzimitsa ndi kuyatsanso usanafomate, kuti DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ukayatsira pa flopi, iwerengenso zigawo zatsopano. Ndinatero. FORMAT C: /S inayenda bwino, /S ija ndi yoikamo mafayilo oyambira. Ndiyeno FORMAT D:. Chenjezo la zilembo zikuluzikulu linabwera, loti zonse za pa D: zitayika. Zonse ziti, pa chigawo chongobadwa kumene? Y.

Inalemba kuti ikufomata pafupifupi 10,780 MB. Ine ndinkayembekeza cha m'ma 11,000. Kusiyana kwake kunali kochepa moti ndinadzifotokozera ndekha kuti ndi malo amene FAT, kaundula wa mafayilo a pa disiki, imadya. Koma ntchito inachedwa modabwitsa. Maperesenti ankakwera ngati akulipira msonkho pa sitepe iliyonse. Tiyi anabwera, tinamwa, makapu anatsukidwa. Amalume anandilongosolera mbiri yonse ya injini ya chigayo, D: akadali pa ulendo.

Itamaliza inalemba kukula kwenikweni kwa chimene yafomata: kupitirira 76,000 MB.

Amalume anavala magalasi, n'kuyandikira sikirini. "Mphwanga! Ine ndinagula ya 20, iwe wandipatsa 76? Sukulu ija sinapite pachabe ayi." Anandigwira chanza, n'kuitana azakhali kuti adzaone disiki imene yakula.

Chimene chinachitika n'chakuti DOS ndi Windows 98 sagawa zilembo motsata disiki. Amayamba ndi zigawo za primary: ya disiki yoyamba imatenga C:, ya disiki yachiwiri imatenga D:. Akatha pamenepo m'pamene amabwerera ku ma logical drive a disiki yoyamba. Choncho chigawo changa chatsopano chinali E:, chili phee chosafomatidwa, kenako RAM drive, disiki yongoyerekeza imene flopi ija imapanga mu RAM, inatenga F:, CD n'kukhala G:. D: inali disiki ya 80 GB yosunga maakaunti, makalata ndi maukwati. Chopweteka n'chakuti pokopera paja ndinali nditakopera ku D: yemweyo ndi manja anga omwewa, koma m'mutu ndinali nditagamula kuti mlendo asunthira yekha ku E: mwini nyumba akabwera.

Nambala ija ikanandipulumutsa, koma nayonso inali ndi matenda ake. FDISK ndi FORMAT za Windows 98 zimasokonezeka pa disiki yoposa 64 GB: zimachotsa 65,536 MB pa kukula kwake n'kuonetsa chotsala. Disiki ya 80 GB ndi pafupifupi 76,316 MB, ndipo mukachotsa 65,536 mutsala ndi 10,780 ija, imene inangofanana ndi chigawo changa mwatsoka. FORMAT imanena zoona pomaliza pokha, zonse zitatha. Microsoft inadzatulutsa FDISK yokonzedwa, koma flopi yakale siidziwa zimenezo.

Kuyesa kwake n'kwa mawu awiri basi. Lembani DIR D: musanafomate. Chigawo chatsopano chimayankha "Invalid media type", pomwe chokhala ndi katundu chimakuonetsani mafoda anu onse. Chabwino koposa ndi kusolola chingwe cha magetsi, chija cha mapini 4, pa disiki iliyonse imene simukufuna kuikhudza. Ine ndimaona kuti FDISK ikaonetsa nambala 5 pa mndandanda wake, yosinthira disiki, ndiye kuti m'bokosimo muli disiki yoyenera kutuluka kaye, chifukwa nambalayo imabwera pokhapokha madisiki akaposa imodzi.

Azakhali atafika, ndinazimitsa kompyuta n'kunena kuti disiki yokula chonchi imafunika kupuma. Mbali ina zinali zoona: ikatere, osalembamo kanthu ngakhale kamodzi. FORMAT ya Windows 98 siyifufuta mafayilo enieniwo. Imalemba FAT yatsopano ndi foda yaikulu yopanda kanthu, kenako imangowerenga disiki yonse kufufuza malo owonongeka. Zili ngati kung'amba kaundula wa pachigayo matumba onse ali chiunjikire m'nyumba, opanda dzina la mwini. Kuyambira pa Windows Vista, kufomata kwathunthu kumalemba maziro paliponse, ndipo kumeneko kukanakhala kulira kwa maliro.

Ndinanyamula disikiyo kukailumikiza ku kompyuta ina. TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier, imabweza chigawo chimene changofufutidwa pa partition table, mndandanda wa zigawo za disiki, koma apa FAT zonse ziwiri zinali zitasesedwa. Mnzake amene amabwera naye limodzi, PhotoRec, ndi amene anagwira ntchito. Iyeyu salabadira kaundula: amawerenga disiki sekita ndi sekita kufuna zizindikiro za poyambira fayilo, monga FF D8 FF ya chithunzi cha JPEG. Zimene wapeza ziyenera kulembedwa pa disiki ina, osati yomwe mukuipulumutsayo. Mwayi wanga unali woti mafayilo a amalume anali atangokoperedwa kumene pa disiki ya malo ambiri, choncho iliyonse inagona pamalo amodzi osadukaduka. Fayilo yomwazikana m'zidutswa nthawi zambiri imabwera yolumala.

Zinabwerera, koma zopanda mayina ndi mafoda awo. PhotoRec amaziunjika m'mafoda otchedwa recup_dir.1, recup_dir.2 mpaka kutsogolo, mafayilo 500 m'foda iliyonse, dzina lililonse ndi f wotsatidwa ndi manambala. Ndipo sasankha. Anafukulanso zonse zimene mwini wakale wa disiki ija anafufuta asanandigulitse: nyimbo, makalata ofunsira ntchito, ndi zithunzi zambirimbiri za ukwati wa anthu amene sitinawaonepo chibadwire.

Amalume nditawafotokozera kuti disiki sinakule, anakhumudwa ndi zimenezo kuposa za mafayilo. Tinakhala pansi kutsegula imodziimodzi, ine kudina, iwo kutchula dzina. Maakaunti a chigayo anapezeka athunthu. Titafika pa ukwati wachilendo uja ndinati tifufute.

"Dikira kaye. Mayi wa chitenje chobiriwirayo si wa kwathu ku Ntcheu ameneyo?"

"Ayi amalume, awa anabwera ndi disiki."

"Mphuno imeneyo ndi ya kwathu. Ukwati unachitika osatiuza eti? Tsegula foda, ulembe kuti Achibale Ena. Ndikawafunsa pa Khirisimasi."