Nazale Yathu Inayamba ndi Mphika Umodzi

Mphika woyamba wa Salvia discolor anandipatsa ndi mayi anga aang'ono. Chomerachi kwawo ndi ku Peru. Masamba ake ndi obiriwira pamwamba, koma mukawatembenuza, kunsi kwake ndi koyera mbee, kwaubweya. Maluwa ake amaoneka akuda bii, ngakhale kuti padzuwa mumazindikira kuti ndi apepo. Mukagwira phesi la maluwa zala zimamata, moti tizilombo ting'onoting'ono timakanirira pomwepo. Mlendo aliyense ankapempha kuti timugawireko, mpaka amuna anga anati, "Bwanji tizingogulitsa?"

Salvia wamtunduwu sapirira chisanu, choncho tinamanga greenhouse ya pulasitiki, kanyumba kotetezera zomera ku kuzizira, n'cholinga choti usiku kutentha kusamatsike kufika pansi pa madigiri 7. Kulakwa kwathu kunayambira pomwepo. Poopa kuzizira tinkatseka paliponse, ine n'kumathirira m'mawa ndi madzulo ngati ndikulera khanda. Sabata yachitatu ndinazula kanthambi kamodzi kofota mwa tinthambi timene tinabzala kuti tikhale mbande. Tsinde lake linali lofewa, lakuda, lonunkha, pamasamba pali chuku chotuwa. Tinataya pafupifupi theka la mbande zathu, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Chinapha mbandezo sikunali kuzizira, koma chinyezi ndi mpweya wosayenda.

Masiku ano ndimadula tinthambi topanda maluwa totalika masentimita 8 mpaka 10, pansi penipeni pa mfundo, n'kuthothola masamba am'munsi. Ndimatibzala m'kompositi yosakaniza ndi mchenga wambiri, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi timakhala titagwira mizu. Ndisanathirire ndimapisa chala m'dothi; ngati muli chinyontho, keni ndimaibweza. Dzuwa likangotuluka mazenera onse ndimatsegula, ngakhale kunja kukuzizirirabe. Kutsina nsonga kumandiwawa mtima mpaka lero, koma popanda kutero chomera chimangotalika n'kumathyoka, poti nthambi zake n'zosalimba.

Tinawonjezera Salvia elegans, amene masamba ake amanunkhira chinanazi, ndi Salvia leucantha wa ku Mexico. Awiriwa amachita maluwa usiku ukayamba kutalika, ndiye ogula osapirira ndimawauziratu. Ntchentche zoyera ndi tizilombo tofiira tonga akangaude sitinathane nazo. Tsiku lililonse ndimasuzumira kunsi kwa masamba.

Chomera cha mayi aang'ono chija chidakali pakona, tsinde lake linakhwima ngati kamtengo. Ambiri achifunsa mtengo, koma chimenecho sitigulitsa.