Mankhwala a Ayurveda ochiza chifuwa: si onse amene ali masamba okha

Ndikuda nkhawa ndi momwe mankhwala a Ayurveda, njira yakale yochizira matenda ya ku India, akutsatsidwira pa intaneti kwa odwala chifuwa ndi mphumu, ngati kuti onse ndi zitsamba zosavulaza.

Zitsamba zina n'zoyeneradi ulemu. Masamba a vasaka akhala akuthandiza kumasula makhololo kwa zaka mazana ambiri, ndipo mankhwala a bromhexine amene madokotala amapereka masiku ano anapangidwa potengera vasicine, yemwe amapezeka m'masambawo. Ufa wa sitopaladi, wokhala ndi shuga, tsabola wa pippali ndi sinamoni, amaunyambita ndi uchi m'mabanja ambiri a ku India.

Chondivuta chili pa gulu la mankhwala a Ayurveda lotchedwa rasa shastra, momwe amathiramo dala zinthu zapoizoni monga mercury, mtovu kapena arsenic, ndipo zina amaziwotcha mobwerezabwereza mpaka kusanduka phulusa lotchedwa bhasma, pokhulupirira kuti poizoni watha. Mu 2004, dokotala wofufuza Robert Saper ndi anzake anapima mitundu 70 ya mankhwalawa yogulidwa m'masitolo a mumzinda wa Boston ku America, ndipo 14 inali ndi zinthu zoopsazi. Mtovu umaunjikana m'thupi mwakachetechete, n'kuwononga impso komanso ubongo wa mwana, ngakhale amene adakali m'mimba.

Ndikupemphani, abale anga, kuti amene watsokomola kupitirira masabata awiri akayezetse makhololo kuchipatala, chifukwa chifuwa chachikulu chimafuna mankhwala a miyezi 6, ndipo ufa wongoziziritsa kukhosi umachedwetsa wodwala uku matendawo akufalikira kwa a m'nyumba.