Msewu wa m'mphepete mwa nyanja suyezedwa ndi makilomita okha

Kale ndinkaganiza kuti msewu uliwonse wotsatira gombe la nyanja ya mchere uyenera kukhala wathyathyathya, popeza madzi a m'nyanja alibe chitunda. Maganizo amenewa ndi amene anandipusitsa tsiku lina pamene ndinakonza ulendo wa makilomita 60 pa njinga, nditangoyang'ana mzere wa msewu pa mapu n'kuona kuti ukungolondola madzi kuchokera koyambira mpaka kothera. Ndinawerengera maola atatu, ndinatenga botolo limodzi la madzi, ndipo ndinanyamuka mtima uli m'malo. Ndinafika dzuwa litapendeka kwambiri, kukhosi kuli gwa, ndipo chitunda chomaliza ndinachikwera wapansi ndikukankha njinga, nsapato zopalasira zikuterereka pa phula ngati ziboda za mbuzi pa thanthwe lonyowa.

Chimene sindinachiganizire ndi mitsinje. M'dera lamapiri loyandikana ndi nyanja, mtsinje uliwonse, ngakhale kakhwawa kongoyenda madzi nthawi ya mvula, umathamangira kunyanja ndipo umakumba chigwa chakechake. Msewu wolowera kumtunda ukhoza kusankha chigwa chimodzi n'kumakwera nacho pang'onopang'ono, koma msewu wotsatira gombe ulibe mwayi umenewo chifukwa umadutsa zigwa zonsezo mopingasa. Wopalasa amatsetsereka kupita pa mlatho, n'kukwera kutsidya, n'kutsetserekanso, mpaka kutaya chiwerengero. Chitunda chilichonse pachokha ndi chaching'ono, koma zitunda 15 zokwera mamita 70 chilichonse zimapanga mamita oposa 1,000, omwe ndi ofanana ndi kukwera phiri lenileni. Chopweteka kwambiri ndi chakuti pansi pa chigwa, pamene munthu akanafuna kusunga liwiro lomuthandiza kuyamba chitunda chotsatira, kawirikawiri pamakhala kona yakuthwa kapena mlatho wopanikizika, kotero kuti liwiro lonse lija limathera m'mabuleki ndipo kukwera kumayambika ngati munthu anali chiimire.

Kuchokera tsiku limenelo, ndikamakonza ulendo wotere sindiyambira pa kutalika kwa msewu. Ndimayamba ndafufuza mamita onse amene ndidzakwere, kenako ndimaona kupendekeka kwa zitunda zoipitsitsa. Chikwangwani chikalemba 10 peresenti, tanthauzo lake ndi lakuti pa mamita 100 alionse msewu umakwera mamita 10, ndipo misewu yakale ya m'midzi ya asodzi imapitirira pamenepo mosavuta, chifukwa anthu amene anaitsegula ankafuna njira yachidule yochokera padoko, osati njira yokomera miyendo ya wopalasa. Pa chifukwa chimenechi ndinasiya manyazi pa nkhani ya magiya. Kutsogolo magiya anga awiri ali ndi mano 50 ndi 34, kumbuyo giya yaikulu ili ndi mano 34, kotero kuti pa chitunda choimirira tayala limazungulira kamodzi pamene miyendo yazungulira kamodzi. Ena amaona ngati giya yotere ndi ya ofooka, koma ine ndaona anthu amphamvu kundiposa akutsika pa njinga pa chitunda cha khumi ndi chiwiri chifukwa anawononga mawondo pa zitunda zoyambirira.

Akatswiri a mpikisano amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mpikisano wa Milan–San Remo ku Italy, umene unayamba mu 1907 ndipo ndi wa makilomita pafupifupi 300, umathera m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Liguria. Zitunda zake zomaliza si zoopsa munthu akaziona pa pepala. Pali timitu titatu ta mtunda tolowa m'nyanja totchedwa Capo Mele, Capo Cervo ndi Capo Berta, kenako Cipressa, chitunda cha makilomita oposa pang'ono asanu chopendekeka pafupifupi 4 peresenti, ndipo pomaliza Poggio, chomwe sichikwana n'komwe makilomita anayi. Munthu wamba wopalasa kawirikawiri akhoza kukwera Poggio akucheza ndi mnzake. Komabe okonza mpikisanowu anachiwonjezera mu 1960, n'kudzawonjezeranso Cipressa mu 1982, podziwa kuti chitunda chofatsa chikabwera miyendo itagwira kale ntchito maola asanu ndi limodzi, chimalekanitsa anthu kuposa phiri lalitali lobwera m'mawa. Kuopsa kwa chitunda kumadalira malo amene chili pa ulendo, ndipo n'chifukwa chake ndikakhala ndi mwayi wosankha kolowera pa msewu wozungulira, ndimasankha mbali imene ikuika zitunda zoimirira koyambirira.

Chinthu chachiwiri, chimene mapu saonetsa ngakhale pang'ono, ndi mphepo. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha wa pamtunda umakwera m'mwamba, ndipo mpweya wozizira wa panyanja umalowa kudzatenga malo ake. Choncho pa tsiku ladzuwa, mphepo yochokera kunyanja imayamba dzuwa likakwera ndipo imakula masana, pamene usiku ndi m'mbandakucha imatembenuka n'kumaomba mofatsa kuchokera kumtunda. Wopalasa amene wanyamuka kugombe m'mawa n'kukwera kulowera kumapiri amadzilimbitsa mtima kuti pobwerera adzangotsetsereka, koma pobwererapo amapeza mphepo ikumukankha pachifuwa, ndipo amapalasa pamalo pamene ankayembekezera kupuma. Kukana kwa mpweya kumakula mofulumira kuposa mmene liwiro limakulira. Munthu akamayenda makilomita 25 pa ola moyang'anizana ndi mphepo ya makilomita 15 pa ola, thupi lake limalimbana ndi mpweya wa makilomita 40 pa ola, ndipo mphamvu yomubweza imaposa kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi tsiku labata.

Mphepo yoomba cham'mbali ndiyo imandiopsa kwambiri, makamaka pamene msewu ukutuluka kuseri kwa thanthwe n'kufika poyera pa mutu wolowa m'nyanja. Njinga imagwedezeka mwadzidzidzi ngati wina waikoka chiwongolero, ndipo matayala okhala ndi malimu akuya, amene amathandiza pa msewu wabata, pamenepo amasanduka thanga. Anthu a ku Cape Town amaidziwa mphepo yamtunduwu kuposa ambiri. Mpikisano wawo wa Cape Town Cycle Tour, wa makilomita pafupifupi 109, umene unayamba mu 1978, umadutsa pa Chapman's Peak Drive, msewu wosemedwa m'thanthwe pamwamba pa nyanja ya Atlantic umene unatsegulidwa mu 1922, kenako n'kukwera Suikerbossie anthu atatopa kale. Mu 2017 mpikisanowu unaimitsidwa m'mawa wa tsiku lomwelo chifukwa mphepo inali kugwetsa opalasa pamalo oyambira penipeni. Ngati okonza mpikisano waukulu chotero anagonja, ine sindiona chifukwa chochitira makani ndikaona mitengo ikuwerama ndisanatuluke n'komwe pakhomo.

Pali mtundu wina wa msewu umene ndimaulemekeza mwapadera, womwe ndi wotsikira kunyanja n'kukathera komweko. Wotchuka kwambiri mwa iyo ndi wa Sa Calobra pa chilumba cha Mallorca ku Spain, umene anaukonza katswiri wa misewu Antonio Parietti ndipo unamalizidwa mu 1932. Kuchokera pampata wa Coll dels Reis, pamamita 682 kuchokera pamene pali nyanja, msewu umatsika makilomita pafupifupi 10 m'makona obwerera m'mbuyo, ndipo pamalo ena umazungulira n'kudutsa pansi pa mlatho wake womwe. Wopalasa amayamba ndi kusangalala, ndipo ngongole yake amalipira pambuyo, chifukwa msewu wina wotulukira kulibe. Pafupifupi gombe lililonse lamapiri lili ndi timisewu tating'ono ta khalidwe lomweli, totsikira ku kadoko kapena ku kamchenga kobisika, ndipo ndisanatsike ndimaima kaye pamwamba n'kudzifunsa moona mtima ngati miyendo ndi madzi otsala zikukwanira kundibwezera pamene ndaimapo.

Potsetsereka penipeni, chimene ndimayang'anitsitsa si nyanja, ngakhale kuti ndiyo imakopa maso, koma phula la pa kona. Mphepo imauluzira mchenga pamsewu, ndipo m'mawa chinyezi cha m'nyanja chimasiya phula lonyowa m'malo amthunzi pamene kwina konse kwauma. Ndimachepetsa liwiro njinga ikadali yowongoka, ndisanalowe m'kona, ndipo pa chitsetso chachitali ndimagwira mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kuwasiya, m'malo mowakhuza njira yonse mpaka atenthe. Magalimoto a alendo nawonso amayenda mosadziwika bwino m'misewu yotere, chifukwa woyendetsa amene waona malo okongola akhoza kuima mwadzidzidzi kuseri kwa kona.

Ndikafika kunyumba, ntchito imakhala isanathe. Mpweya wa kunyanja umanyamula mchere, ndipo mchere ukakhala pa tcheni, pa mawaya a mabuleki ndi pa mitu ya mabawuti, dzimbiri limayamba m'masiku ochepa. Pambuyo pa ulendo wanga woyamba uja ndinaimika njinga osaitsuka kwa sabata yathunthu chifukwa chokwiya nayo, ndipo nditabwerera ndinapeza tcheni chitafiira ndipo mfundo zake zina zitauma moti zinkadumpha pa mano. Masiku ano ndimaitsuka ndi madzi abwino tsiku lomwelo, ndimapukuta tcheni ndi kansanza mpaka kasiye kuda, kenako ndimadonthezera mafuta pa mfundo iliyonse ndikuzunguza zopalasira chammbuyo.