Satifiketi yafika, zikomo Sista

Abale, satifiketi ya maphunziro anga a pa intaneti othandiza anthu ovulala m'maganizo yalowa pa imelo lero m'mawa. Ndamaliza! Ambuye alemekezeke, chifukwa mwa ine ndekha mphamvu zinali zitatha kalekale.

Mukudziwa kumene nkhaniyi inayambira. Namondwe wa Freddy, Malichi 2023, matope a m'phiri la Soche atakokolola nyumba ku Chilobwe. Kutsuka mabala, kusoka, kumanga bandeji, zimenezo kuchipatala kwathu tinkazitha. Koma panali mayi wina ankabwera sabata iliyonse: mutu, tulo osabwera, mtima kugunda mvula ikangoyamba kuwaza pa malata. Ine panado m'manja, "limbani mtima mayi." Zimandiluma mpaka pano. Maphunziro a pa intanetiwa ndiwo andiuza kuti munthu wotero sumukakamiza kufotokoza zimene anaona. Uyang'ane kaye, umvetsere, kenako umulumikize ndi thandizo, monga a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amaphunzitsira. Ndipo thupi limatha kudandaula m'malo mwa mtima.

Koma Sista wathu wamkulu, amayi inu. Ndinene chiyani? Munanditengera ma naiti kuti ndisaphonye kalasi ya pa Zoom. Magetsi atathima, foni yanga itafa, munandipatsa yanu, bandulo yanu yomwe. Tsiku lomwe tinkaphunzira za zinthu zoopsa zimene zimabwerera m'maso ngati zikuchitika pompano, ndinatseka laputopu n'kukabisala ku sitolo ya mankhwala. Munandipeza ndikulira. Simunafunse kanthu. Munangokhala pa katoni pambali panga, patapita nthawi n'kunena, "Mwana wanga, nawenso unaliko kujatu." Kosi simunachite inu, koma phunziro lonse munalichita pa ine tsiku limenelo. Mulungu akusungireni mawondo anuwo, akupatseni zaka.

Bambo a kunyumba, zikomo pophika nsima ya mibulu ija osadandaula, tinadya ndithu. Ana anga, pepani, amayi abwerera. Anzanga a pa gulu la WhatsApp, amene munkatumiza manotsi pakati pa usiku, sindikuiwalani.

Amene munafunsa kuti "muli alawansi?" n'kuzimiririka mutamva kuti mulibe, ndi ena aja oti za maganizo ndi matenda a azungu, moni wanu uyu. Sindinakwiye.

Sista, Loweruka ndikubwera ndi nkhuku, musayerekeze kukana. Ndipo mayi uja nambala yake ndinaipeza m'kaundula. Akuti abwera Lachiwiri.