Sabata yophunzitsa othandiza anthu opulumuka pangozi

Sabata ino ku Zomba tinali ndi anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo ochokera kumadera a ku Chilwa ndi ku Chingale. Ambiri anagwirapo ntchito m'misasa nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, choncho sitinataye nthawi kufotokoza zimene madzi osefukira amachita.

Lolemba ndi Lachiwiri tinakhazikika pa chithandizo choyamba cha maganizo, malinga ndi buku la 2011 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse: yang'ana, mvetsera, lumikiza. Poyeserera, wina amakhala mayi amene mwana wake wapita ndi madzi, mnzake n'kukhala wothandiza. Cholakwika chimabwera chomwechomwecho: "Tandiuzani zonse zimene zinachitika usiku umenewo." Kukakamiza munthu kufotokoza asanakonzeke kumangotukusa bala. Enanso amamudula pakamwa ndi "limbani mtima" asanathe kulira. Choyenera ndi kukhala pamphasa pomwe wakhalapo, kudzitchula dzina, n'kufunsa kuti, "Mayi, mwadya? Ana enawo ali kuti?" Akakhala chete, iwenso khala chete. Ophunzira chimenechi ndiye chimawavuta kwambiri.

Lachitatu tinakangana pa za kupatsa opulumuka diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi ndi ogonetsa. Kusowa tulo ndi kudzidzimuka mvula ikayamba kugunda pamalata n'zoyembekezereka masabata oyambirira, ndipo ambiri amakhala bwino popanda piritsi. Diazepam sachiza mantha amenewa, komanso munthu amamuzolowera. Za PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa, timaziganizira zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi.

Oyenera kuwafunafuna tsiku loyamba ndi ena: a khunyu amene mankhwala awo a phenobarbitone ndi buku la kuchipatala zinakokoloka, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa kotsatizana kumene kungaphe, ndi odwala matenda a maganizo amene mankhwala awathera. Wonena kuti "bola ndikanapita nawo madziwo" timamufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, asatsale yekha, chingwe ndi mankhwala a mbewu zichotsedwe pafupi, ndipo atumizidwe ku chipatala chachikulu cha Zomba Central kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba Mental.

Lachinayi ndi Lachisanu zinali za opereka thandizo eni ake, makamaka achinyamata ongodzipereka amene anafukula matupi m'matope ndi makasu. Iwowa sadandaula. Umawaonera pa kupsa mtima msanga, kukana kupuma, ndi kachasu madzulo. Tinagwirizana kuti aziyenda awiriawiri, azisinthana pa ntchito yonyamula maliro, ndipo wowayang'anira azicheza ndi aliyense payekha, osati pagulu.