Ku Milandes, kumene Josephine Baker analera ana 12

Kumwera chakumadzulo kwa France kuli chigwa cha mtsinje wa Dordogne, dera la alimi oweta abakha ndi atsekwe. Pamwamba pa mapiri ambiri a kumeneko pali zinyumba zamiyala za mafumu akale. Alendo ambiri amathamangira ku Beynac ndi ku Castelnaud, zinyumba zankhondo zimene zimayang'anizana, china tsidya lino china tsidya ilo. Ine chinandikoka ndi chaching'ono pa zonsezi, Château des Milandes, chifukwa cha mayi wa ku America amene anakhalamo.

Ngati mulibe galimoto, kufikako kumafuna kupirira. Sitima yochokera ku Bordeaux imakusiyani ku Sarlat, katauni kokongola ka nyumba za miyala yachikasu, ndipo kuchokera pamenepo ndinachita kukwera takisi. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota m'minda ndi m'nkhalango. Nyumbayo inamangidwa mu 1489 ndi François de Caumont, amati pofuna kusangalatsa mkazi wake amene sankakonda kukhala m'chinyumba chankhondo cha Castelnaud. Koma lero palibe amene amabwerera a Caumont. Chipinda ndi chipinda, nkhani ndi ya Josephine Baker, mayi wakuda amene anatchuka ndi kuvina ndi kuimba.

Anabadwa pa 3 June 1906 ku St. Louis, m'chigawo cha Missouri, m'banja losaukitsitsa. Akadali kamtsikana anali atayamba kale kugwira ntchito m'nyumba za azungu. Mu 1917 kunabuka chipolowe ku East St. Louis, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi, pomwe azungu anapha anthu akuda ambiri ndi kuwatenthera nyumba, ndipo moto umenewo sanauiwale moyo wake wonse. Analowa m'magulu a zisudzo oyendayenda, nafika ku New York, kenaka mu 1925, ali ndi zaka 19, anakwera sitima yapamadzi ya ku France.

Pamene anthu amaunjikana kwambiri m'nyumbamo ndi pa lamba wa nthochi, uja ankavala m'chiuno povina ku Folies Bergère, holo ya zisudzo ya ku Paris, mu 1926. Ndinaima pamenepo mtima uli pawiri. Paris inamukonda, inde, koma inkamuonetsa ngati mkazi wa m'tchire la ku Africa, chikhalirecho anali mwana wa mutauni ya ku America. M'mafilimu zinali chimodzimodzi. Mu Zouzou, ya 1934, anasewera ndi Jean Gabin, ndipo chaka chotsatira mu Princesse Tam-Tam anamupatsa kukhala mbusa wa nkhosa wa ku Tunisia amene mzungu akumuphunzitsa makhalidwe. Ndikaona zithunzi zake za nthawi imeneyo, maso atawatembenuza mwanthabwala, ndimaganiza kuti ankadziwa bwino lomwe zimene owonererawo ankafuna, ndipo ankawaseka uku akuwadyera ndalama.

Chipinda chimene chinandigwira mtima ndi cha yunifolomu ndi mamendulo. Josephine anakhala nzika ya France mu 1937. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba, anavomera kukhala kazitape wa dziko lake latsopanolo. Wotchuka ngati iye ankaitanidwa kumaphwando a akazembe, ndipo zimene ankamva kumeneko ankakazipereka kwa mkulu wina wa ukazitape, Jacques Abtey. Mauthenga ena ankalembedwa ndi inki yosaoneka pa mapepala a nyimbo zake, n'kuwoloka nawo malire. Msilikali wa pachipata angafufuze bwanji chikwama cha munthu amene iye mwini akufuna amusainire chithunzi? Ku Milandes komweko, kumene panthawiyo ankachita lendi, ankabisako anthu olimbana ndi Germany. Pambuyo pake anapita kumpoto kwa Africa, nadwala kwambiri ku Casablanca, koma atachira anayenda akuimbira asilikali. France inamupatsa Croix de Guerre ndi Légion d'honneur.

Mamendulo amenewa kwawo analibe nawo ntchito. Mu 1951, ali pa ulendo woimba ku America, anakana kuimba m'malo amene akuda sankaloledwa kukhala pamodzi ndi azungu, ndipo ku Miami eni malo anagonja. Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, linamulemekeza pokonza tsiku lake ku Harlem. Koma chaka chomwecho ku Stork Club, ku New York, anadandaula kuti anamusala pomupatsa chakudya. Mtolankhani wamphamvu Walter Winchell anamuukira nkumamunena kuti ndi wachikomyunizimu, dzina loopsa zedi pa nthawiyo. Pa 28 August 1963 anaima pamsonkhano waukulu wa ku Washington, uja Martin Luther King Jr. analankhula za loto lake, atavala yunifolomu ya asilikali a France. Anauza khamulo kuti analowapo m'nyumba za mafumu ndi za atsogoleri a mayiko, koma ku America sakanatha kulowa mu hotela ndi kugula kapu ya khofi.

Ndi apa pamene Milandes imamveka. Anaigula mu 1947, chaka chimene anakwatiwa ndi woimba Jo Bouillon, ndipo anatsimikiza mtima kuti pamudzi pamenepa aonetsa dziko lonse kuti tsankho ndi lophunzira, si lobadwa nalo. Kuyambira mu 1954 anayamba kutenga ana oti alere: ochokera ku Japan, Finland, Colombia, Algeria, Côte d'Ivoire, Venezuela, Morocco ndi ku France komweko, mpaka anakwana 12, anyamata 10 ndi atsikana awiri. Ankafuna aleredwe m'zipembedzo zosiyanasiyana koma adyere mbale imodzi. Kuzungulira nyumbayo anakonza hotela, malo odyera ndi malo osewerera, ndipo alendo ankalipira kuti alowe. Ena mwa alendowo chimene ankadzera ndi kudzaona anawo.

Ife a ku Malawi nkhani ya woimba wotchuka wotenga ana akunja si yachilendo; tinakangana nayo kokwanira mu 2006 Madonna atabwera. Sindikukayika kuti Josephine ankawakonda anawo, ndipo ambiri a iwo atakula analankhula za iye mwaulemu. Koma mwana amene wasankhidwa kuti ayimire mtundu wake wonse pamaso pa alendo wasenzetsedwa katundu amene sanapemphe. Mayi amene Paris inamuonetsa ngati chodabwitsa, nayenso anadzaonetsa ana ake. Zithunzi za pabanjapo ndi zosangalatsa, ana ali pamzere atavala bwino, koma ndinazidutsa ndili ndi mafunso.

Ndalama sankadziwa kuzigwira. Bafa lake lakuda ndi lagolide limanena zonse. Antchito anali ambiri, ena ankamubera, ngongole zinkangokwera, ndipo banja ndi Bouillon linasokonekera. Ankapita kukaimba kutali kuti apeze zolipirira mudziwo, kusiya ana omwe ankawavutikirawo m'manja mwa olera. Mu 1964 Brigitte Bardot, katswiri wa mafilimu wa ku France, anapempha anthu pa wailesi yakanema kuti amuthandize, ndalama zinasonkhedwa, koma zinangochedwetsa tsiku. Mu 1968 nyumbayo inagulitsidwa pa okushoni. Iye anakana kutuluka, nadzitsekera m'khitchini, mpaka mu 1969 anachita kumutulutsa mokakamiza. Pali chithunzi chodziwika cha tsiku limenelo: mayi wa zaka 62 atakhala pamasitepe a kukhitchini, atafunda, katundu ali pambali.

Amene anamuwombola ndi Grace Kelly, mnzake wa ku America yemwe anasiya mafilimu atakwatiwa kubanja lachifumu la Monaco. Anamupezera nyumba ku Roquebrune, pafupi ndi Monaco. Josephine anabwereranso pa siteji, ndipo mu April 1975 anatsegula chionetsero ku Bobino, mu Paris, chokumbukira zaka 50 za ntchito yake. Patangopita masiku ochepa, pa 12 April, anamwalira. Anaikidwa ku Monaco. Pa 30 November 2021 France inamulowetsa mu Panthéon, mmene amalemekezeramo ngwazi za dzikolo, mayi wakuda woyamba kulandira ulemu umenewu.

Kunja m'munda mumachitika chionetsero cha mbalame zolusa, akadzidzi ndi ziwombankhanga zikuuluka pamitu pa anthu. Sichikhudzana ndi Josephine ngakhale pang'ono, koma ana amene anali atatopa ndi madiresi a m'magalasi anachikondwerera kuposa zonse. Mukapitako pa takisi, gwirizanani ndi dalaivala nthawi yodzakutengani musanatsike, chifukwa kumeneko ndi kumudzi, simungaime pamsewu nkuimitsa ina.